Zaka 25 Chitisiyireni Du Chisiza

Pa 24 Febuluwale 2024 zinakwana zaka 25 chimwalirireni Dunduzu Chisiza Jr, amene dziko lonse linkangomutchula kuti Du. Anatisiya mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha, kutatsala mwezi umodzi kuti akwanitse 36. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho lero ndi munthu wamkulu, mwina ali pabanja, ndipo ngati anamvapo za Du ndiye kuti anamva kwa makolo kapena kwa aphunzitsi ake. Pansanja sanamuonepo. Ngakhale wailesi yakanema sinamupeze: Television Malawi inayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999, patangotha masabata asanu Du atamwalira. Ntchito yake anaigwirira m'maholo, pamaso pa anthu amene analipira pakhomo n'kukhala pamipando, ndipo anthu amenewo akunka nachepa chaka ndi chaka.

Du anabadwa ali wamasiye kale. Bambo ake, a Dunduzu Kaluli Chisiza a ku Karonga, anali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress Party, mmodzi mwa anyamata ophunzira amene anaima ndi Dr Hastings Kamuzu Banda pomenyera kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chithe. Mu 1959 atsamunda anawatsekera kundende ya Gwelo pamodzi ndi Kamuzu ndi a Henry Masauko Chipembere. Atatuluka anapatsidwa udindo mu unduna wa zachuma, ndipo ambiri ankayembekeza kuti ndiwo adzasunge thumba la dziko ufulu ukadzabwera. Analinso munthu wolemba. M'kabuku kawo ka Africa: What Lies Ahead anachenjeza kuti mayiko amene akulandira ufulu akhoza kugwera m'manja mwa olamulira mwankhanza ochokera pakati pa eni dziko omwe. Kumayambiriro kwa Sepitembala 1962 galimoto yawo inapezeka itagwa pa mlatho wa Thondwe, pamsewu wa pakati pa Zomba ndi Blantyre, iwo atamwalira. Anali ndi zaka 32. Kunalengezedwa kuti inali ngozi, koma manong'onong'o sanathe, ndipo mpaka lero alipo amene amapukusa mutu nkhaniyi ikatchulidwa. Mayi a m'nyumbamo anali oyembekezera. Pa 26 Malichi 1963 kunabadwa mwana wamwamuna, n'kupatsidwa dzina la bambo ake amene sanawaone.

Tsoka silinalekere pomwepo. Bambo ake aakulu, a Yatuta Chisiza, anali nduna m'boma loyamba la Malawi, ndipo anali m'gulu la nduna zimene zinasemphana ndi Kamuzu mu 1964 n'kuthawira kunja. Mu Okutobala 1967 analowanso m'dziko ndi kagulu kochepa ka anthu a mfuti kudzera mbali ya Mwanza, ndipo asilikali a boma anawapha. Du anali ndi zaka zinayi. Amene anakhalapo m'masiku amenewo akudziwa tanthauzo la kukhala mbale wa munthu amene boma likumutcha chigawenga. Anzako ankakutalikira, aphunzitsi ankasamala polankhula nawe, ndipo dzina lako linkafika pamalo iwe usanafike. Mwana wa dzina lotere akanatha kusankha kukhala chete, kupeza ntchito ya muofesi n'kumayenda mowerama moyo wake wonse. Palibe akanamudzudzula. Iye anasankha ntchito yoima poyera, pamene aliyense akukuona ndipo liwu lililonse likumveka mpaka kumpando wakumbuyo.

Zinayambira kusukulu, monga zinayambira kwa azisudzo ambiri a dziko lino. Bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM linkachititsa mpikisano wa masewero m'sukulu za sekondale chaka ndi chaka, kuyambira m'zigawo mpaka kufika pa mpikisano wa dziko lonse. Cholinga chinali choti ana azolowere kulankhula Chingerezi, koma zimene zinatulukamo zinaposa cholingacho. Sukulu zambiri zinkasewera masewero olembedwa ndi aphunzitsi kapena otengedwa m'mabuku. Du, ali mwana wasukulu pa HHI mumzinda wa Blantyre, analemba lake, n'kulitsogolera yekha. Linali The Deceased's Attack, ndipo mu 1982 linapambana mpikisano wa dziko lonse. Chaka chotsatira anayambitsa gulu la Wakhumbata Workshop Theatre. Chinali chaka chomwecho cha 1983 pamene a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, imfa yawo n'kulengezedwa ngati ngozi ya galimoto. Kenaka Du anapita ku America, kumene anakaphunzira luso la zisudzo mumzinda wa Philadelphia.

Anabwerera kumudzi mu 1987. Mfundo imeneyi tisaidutse mothamanga. Mnyamata wa zaka 24, wa mapepala a ku America, wochokera m'banja limene linataya abambo awiri m'ndale, anali ndi zifukwa zokwanira zokhalira komweko, monga anachitira ophunzira ena ambiri. Iye anabwera, ndipo anabwera m'chaka chimene mlakatuli Jack Mapanje anagwidwa ku Zomba n'kukatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, kumene anakhala mpaka 1991. Aliyense wogwira cholembera anamva uthengawo. M'chaka chimenecho Du anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba m'Malawi la anthu amene zisudzo ndiyo inali ntchito yawo yodyera.

Zisudzo zinalipo kale, tisanamizane. Ku Chancellor College kunali Travelling Theatre, imene aphunzitsi monga James Gibbs, David Kerr ndi Chris Kamlongera anaigwirira ntchito yaikulu. Steve Chimombo anali atalemba kale The Rainmaker. Pa wailesi ya MBC panali Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino, ndipo gulu la Kwathu linkadzaza maholo ndi masewero a Chichewa. Koma awa anali ophunzira, aphunzitsi, kapena anthu a ntchito zina amene ankakumana akaweruka n'kumasewera Loweruka ndi Lamlungu. Du ananena chinthu chimene ambiri anachiona ngati misala: kuti munthu akhoza kudzuka m'mawa n'kupita kokonzekera sewero monga mnzake apitira kubanki kapena kufakitale, ndipo kumapeto kwake n'kulandira malipiro.

Taganizirani zimene zinkafunika kuti zimenezi zitheke. Holo ndi yolipira. Mapositala ndi osindikiza, ndipo pafunika anthu okawamata m'mitengo ndi m'makoma a sitolo. Gulu lonse liyende ndi katundu wake kuchoka ku Blantyre kupita ku Zomba, ku Lilongwe mpaka ku Mzuzu, lidye, ligone. Zonsezi zichokere m'ndalama za pakhomo. Ndiye anthu okhoza kugula tikiti ya sewero la Chingerezi m'mizinda inayi imeneyi sanali ochuluka. Ukazungulira kamodzi kapena kawiri, onse aona. Kuti gulu lisafe ndi njala, pafunika sewero latsopano msanga. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha kuchuluka kwa ntchito ya Du. Analemba masewero oposa 20, ndipo anathandiza kulemba ndi kutsogolera enanso ambiri, zonsezi m'moyo waufupi chotere. Iye yemweyo mlembi, iye yemweyo wotsogolera, iye yemweyo wosewera, iye yemweyonso woganiza za lendi ya holo. Fragments, Me Nobody Knows, Papa's Empire, Educating Mwalimu, Barefoot in the Heart, Tatuya Futi, Democracy Boulevard, De Summer Blow, Kabuha Tragedy: mayina amenewa anali pakamwa pa anthu a m'tauni monga zikhalira nyimbo zatsopano. Wolemba mothamanga chotere sangalembe zakupsa zokhazokha, ndipo si sewero lililonse la Du limene linali lofanana ndi linzake pa kulemera. Koma ndani wina m'dziko muno amene anasenza gulu lonse la anthu pa cholembera chake kwa zaka 12?

Vuto la ndalama linali laling'ono poyerekeza ndi linzake. Lamulo la 1968 loona za zosangalatsa linkafuna kuti sewero lililonse lipite kaye ku Censorship Board lisanaonetsedwe. Akuluakulu a kumeneko ankawerenga tsamba ndi tsamba, kudula pamene sanapakonde, kapena kukaniza sewero lonse. Ukapeza chilolezo, nkhawa sinathe, chifukwa m'holomo munkakhalanso makutu a boma, anthu amene sanabwerere kudzaseka. Wailesi inali imodzi, nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku inali imodzi, ndipo zonse zinkayimba nyimbo imodzi. Munthu ankatha kuzimiririka chifukwa cha nthabwala ya kumowa.

Nanga sewero lodzudzula linkadutsa bwanji? Linkadutsa mophiphiritsa. Amayi athu pamtondo amadziwa kuimba nyimbo yodandaula za mwamuna kapena apongozi popanda kutchula dzina, mwini nkhani n'kumva ali pakhonde koma n'kusowa pogwira. Azisudzo a nthawi imeneyo anachita chimodzimodzi, ndipo Du anali katswiri pa luso limeneli. Nkhani imaoneka ngati ya banja, ya kampani, ya dziko lakutali. Papepala palibe cholakwika. Koma sewero silikhala papepala pokha. Pali kaimidwe ka wosewera, kakwezedwe ka mawu, kachetechete amene amagwa pakati pa mawu awiri, ndi diso limene limaponyedwa kwa oonera. Zimenezi wowerenga wa ku ofesi sangazidule ndi cholembera chofiira. Papa's Empire litabwera mu 1990, anthu okhala m'dziko limene munthu mmodzi ankatchedwa tate wa fuko, amenenso chuma chambiri cha dziko chinali pansi pa kampani yake ya Press, sanafunikire wowamasulira. Ankatuluka m'holo akuyang'anana, nkhani n'kukaimalizira kunyumba chitseko chili chotseka.

Ndimaona kuti mphatso yaikulu imene Du anapatsa anthu a nthawi yake inali imeneyi. M'dziko la mantha, munthu aliyense amaganiza kuti ndi yekhayo amene akuona kuti zinthu sizili bwino. Ndiye ukhale m'holo ya French Cultural Centre ku Chichiri, anthu mazanamazana, mawu ena alankhulidwe pansanja, holo yonse n'kuseka nthawi imodzi kapena kuti zii nthawi imodzi. Pamenepo umadziwa kuti mnzako wakhala pambaliyo, amene sukumudziwa n'komwe, akuganiza zimene iwe ukuganiza. Kalata ya maepiskopi a Chikatolika ya mu 1992 isanawerengedwe m'matchalitchi, anthu ena anali ataphunzira kale m'maholo a zisudzo kuti sali okha.

Pali funso limene owerenga Chichewa ali ndi ufulu wofunsa: bwanji Du ankalemba m'Chingerezi? Mayi wa ku Ntchisi kapena mlimi wa ku Nsanje sanali m'gulu la oonera ake, ndipo ichi n'choona chosabisika. Masewero ake anali a anthu a m'tauni, ophunzira, ogwira ntchito m'maofesi ndi ana a sekondale. Kumbali imeneyi a Kwathu, ndi Izeki ndi Jakobo awo, anafika kumene Wakhumbata sinafike. Komabe tikumbukire kumene Du anachokera. Anakulira mu mpikisano wa ATEM umene chilankhulo chake chinali Chingerezi. Analinso mwana wa kumpoto m'dziko limene mu 1968 linachotsa Chitumbuka pa wailesi, ndipo mu 1989 linalamula aphunzitsi ochokera kumpoto kuti abwerere kwawo. Nkhani ya chilankhulo sinali yopepuka kwa munthu wotere. Ine ndimaona kuti Chingerezi chinamupatsa bwalo limene Mtumbuka, Mchewa, Myao, Mlomwe ndi Msena ankakhala mofanana, ngakhale bwalolo linali lochepa. Chimene chimandiwawa n'chakuti mpaka pano sitinachite khama loti masewerowa amveke m'zilankhulo zathu.

Tsopano tifike pa nkhani imene ambiri amailumpha pa miyambo yokumbukira Du. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Chikatolika anatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Mwezi wotsatira a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu, ndipo oposa 60 pa 100 alionse anasankha zipani zambiri. M'chaka chomwecho cha 1993, Du anavomera kukhala nduna ya achinyamata, masewera ndi chikhalidwe m'boma la Malawi Congress Party. Anali ndi zaka 30.

Anthu ambiri amene ankamukonda anakhumudwa kwambiri. Mwana wa Dunduzu, mwana wa Yatuta, mlembi wa Papa's Empire, kukakhala pa tebulo limodzi ndi anthu amene dziko linali litangowakana kumene? Omuikira kumbuyo amati chipanicho bambo ake anachimanga nawo ndi manja awo, ndipo mwana anali ndi ufulu wolowa m'nyumba ya bambo ake. Amatinso munthu amene anavutika zaka zambiri kusaka ndalama ya holo akanakana bwanji mpando umene ukanamulola kuthandiza aluso anzake. Mfundozi ndimazimva, koma sizindikhutiritsa. Boma limene linali kugwa linkafuna nkhope zatsopano ndi mayina olemekezeka, ndipo dzina la Chisiza linali lamtengo wapatali kwa iwo kuposa mmene undunawo unalili kwa Du. Ndimakhulupirira kuti analakwitsa. Ndikunena izi mwaulemu, chifukwa munthu amene anatiphunzitsa kuyang'ana atsogoleri m'maso sangafune kuti pa iye tiyang'ane kumbali. Undunawo sunakhalitse. Pa 17 Meyi 1994 chipanicho chinagonja kwa a Bakili Muluzi ndi UDF, ndipo Du anabwerera kunsanja.

Anabwerera kudziko losinthika. Nyuzipepala zinali mbwee m'misewu, aliyense akutukwana amene wamufuna, dzina ndi dzina. Mawu ophiphiritsa amene kale ankagwedeza holo tsopano anali opanda mphamvu yakale, poti zimene unkanong'ona dzulo lero zalembedwa pa tsamba loyamba. Alembi ambiri a mu Africa amene anakulira polimbana ndi ulamuliro wankhanza anasowa chonena ufulu utabwera. Du sanasowe. Anaona msanga kuti dyera, katangale ndi kupembedza atsogoleri sizinapite ndi chipani chimodzi, ndipo anapitiriza kulemba ndi kusewera mpaka pamene matenda anamufooketsa.

Chinthu china chimene sichitchulidwa mokwanira ndi anthu amene anawasula. Wakhumbata inali sukulu, m'dziko limene munalibe sukulu ya zisudzo kunja kwa yunivesite. Anyamata ndi atsikana ankalowamo osadziwa kanthu, n'kutulukamo akudziwa kuponya mawu mpaka kumbuyo kwa holo, kusunga nthawi, kuloweza masamba ambirimbiri ndi kulemekeza woonera amene walipira. Ndipo tisaiwale kuti masiku amenewo mtsikana wokwera pansanja, woyenda ndi gulu mizinda ndi mizinda, ankanenedwa zambiri zosayenera. Gertrude Webster Kamkwatira anapirira zonsezo. Du atamwalira, iye ndiye anatenga utsogoleri wa Wakhumbata, kenaka n'kuyambitsa gulu lake la Wanna-Do Ensemble Theatre. Analemba masewero ake monga It's My Fault ndi Jesus' Retrial, ndipo anatsogolerapo bungwe la azisudzo la dziko lonse. Nayenso anatisiya msanga, mu 2006. M'zaka zisanu ndi ziwiri zokha zisudzo za Chingerezi m'Malawi zinataya mizati yake iwiri.

Chaka cha 2011 chinaonetsa kuti zimene Du ankalimbana nazo sizinathe. Mwana wake, Thlupego Chisiza, anagwidwa ndi apolisi ku Blantyre chifukwa cha sewero la Semo, limene analemba pamodzi ndi Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic amene anapezeka atafa pasukulupo mu Sepitembala chaka chomwecho. Mlandu wake unali wokhudza chilolezo cha Censorship Board, pansi pa lamulo lomwe lija la 1968, ngakhale dziko linali litakhala zaka 17 mu ulamuliro wa zipani zambiri. M'nyengo yomweyo French Cultural Centre, imene inali ngati kwawo kwa zisudzo za m'Malawi, inachoka m'manja mwa Afalansa n'kupita m'manja mwa boma, ndipo mbava zinalowamo n'kusakaza katundu. Lero malowa amatchedwa Blantyre Cultural Centre. Aliyense amene anaonerapo sewero pamenepo m'masiku a Wakhumbata amamva chisoni akakumbukira mmene tinawalekerera.

Ndiye tikamati tikukumbukira Du, tikukumbukira chiyani kwenikweni? Mwezi wa Febuluwale ukafika timalemba m'nyuzipepala ndi pa Facebook kuti anali chimphona, kuti sipadzapezekanso wina ngati iye. Mawu amenewa ndi abwino, koma mlembi wa masewero sakhala ndi moyo m'mawu omuyamikira. Amakhala ndi moyo pamene mtsikana wa Fomu 3 waloweza mawu ake n'kuwalankhula pamaso pa anzake, pamene wotsogolera wachinyamata watenga sewero lakale n'kulipatsa maonekedwe atsopano, pamene oonera akukangana potuluka ngati mlembiyo ananena zoona. Ku Nigeria ana asukulu amasewera masewero a Wole Soyinka. Ku South Africa masewero a Athol Fugard amabwerezedwa m'mabwalo aakulu ndi aang'ono. Kwathu kuno masewero ochepa okha a Du ndiwo anasindikizidwa m'mabuku, ndipo ngakhale amenewo kuwapeza m'sitolo ya mabuku ndi ntchito. Akatswiri monga Mufunanji Magalasi analemba za ntchito yake, ndipo tiwathokoze, koma zolemba za akatswiri zimathera m'malaibulale a yunivesite. Mapepala amene osewera ankagwiritsa ntchito pokonzekera amadyedwa ndi chiswe, amanyowa ndi mvula, amatayika posamuka. Amene analoweza mawuwo pamtima nawonso akukalamba, ndipo ena anatsogola kale.

Ntchito imene yatsala si yofuna mabiliyoni. A banja la Chisiza ndi onse amene anadutsa mu Wakhumbata, chonde tulutsani zimene munasunga: zolemba, zithunzi, mapositala, matepi. A University of Malawi ndi a National Archives ku Zomba, zilandireni, zijambulidwe pa kompyuta, ndipo mukhale pansi ndi osewera amene adakali moyo kuti afotokoze mmene sewero lililonse linkayendera. Osindikiza mabuku atulutsenso masewerowa pa mtengo woti sukulu ingakwanitse, mogwirizana ndi eni ake, ndipo papezeke olemba aluso owamasulira m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Inunso aphunzitsi amene mumakonzekeretsa ana mpikisano wa zisudzo, mpikisano womwe unatulutsa Du mu 1982, funafunani sewero lake limodzi, muwapatse ana anu alisewere chaka chino.